Loweruka ku Rotherham

Ndinaweruka ntchito ya usiku, osagona,
m'manja mukumvekabe sopo wa okalamba omwe ndimawasambitsa,
kuti ndikaone Lonjezo wanga, nambala seveni.
Kamvula ka kuno kosadziwa kukata kanali kuwaza.

Akuika mpira pakona,
kuseri kwa mpanda kunamveka kulira kwa nyani,
nyani wovala jekete, wa tikiti m'thumba.
Kenaka nthochi pa kapinga, phu!

Mwendo wa mwanangu unauma m'malere.
Ine mawu anandikakamira pakhosi;
zaka khumi ndi zitatu m'dziko lino
ndaphunzira kumeza mwala n'kunena zikomo.

Anayamba ndi goloboyi wa timu inayo,
Callum, wa tsitsi lofiira ngati moto.
Anavula magolovesi, nakhala pansi m'matope.
Kenaka Idris. Kenaka mapasa a kwa Kowalczyk.
Mmodzimmodzi, matimu onse awiri pansi,
makabudula kunyowa, palibe wodzuka.
Woyimbira anatola mpira naukumbatira ngati khanda.

Mayi Ackroyd ogulitsa tiyi, aja sindinkawapatsa moni,
anamenya chivindikiro cha ketulo ndi supuni,
ngwe! ngwe! ngwe!
mpaka bwalo lonse linatembenukira kumpanda,
zala zonse kuloza malo amodzi.
Mwini mawu anazemba, chipewa atakokera kumaso.

Mutu umodzi susenza denga, ndinkadziwa;
sindinkadziwa kuti akunonso amaudziwa mwambiwu.

Zigoli ndaiwala.
Ndikukumbuka kapu yotentha yomwe anandifumbatitsa,
ndi Lonjezo akubwerera pakona paja,
akupukuta mphuno,
akukweza dzanja.