Ola Lomwe Linabwera Kawiri

Foni inalira pansi pa pilo
ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo.
Anali Onni, mawu ake odzaza tulo:
"Aulikki, malipiro a madalaivala atuluka kawiri.
Anthu mazana asanu ndi limodzi.
Fayilo ipita ku banki sikisi koloko."

Ndinavala juzi mozondoka,
n'kutsika masitepe zingwe za nsapato zikukwekwereka.
Mzinda wa Tampere unali m'tulo, misewu yonyowa,
masamba a Okutobala atamatirira pagalasi la galimoto
ngati masitampa a kalata yopanda adiresi.

Ku Hervanta, m'chipinda cha pansi,
maseva amapuma mpweya wozizira usiku ndi usana.
Timagetsi tawo tobiriwira tinkangophethira
ngati mboni zokana kuyankhula.
Lachisanu lapitalo tinasamutsa pulogalamu
kuichotsa m'makina akale, kuiika m'atsopano.
Tinayesa zonse, tinaomba m'manja,
Onni anagula mabanzi a sinamoni.
Tsono mlandu ndinaukankhira kwa alendowa,
ndinawatukwana chamumtima, ndinawafufuza m'matumba,
koma analibe kanthu.

Ndinatsegula kaundula wa zochitika.
Mizere inkatsika ngati linthumbu posamuka.
3:30, ntchito yayamba. 3:34, yatha bwino.
Ndinatsikanso pang'ono.
3:30, ntchito yayamba.
Ndinapukuta magalasi ndi mkono wa juzi.
Zinali zomwezo.

Wotchi ya pakhoma inati faifi koloko,
foni inati folo.
Ha! Usiku uno dziko labweza mawotchi m'mbuyo,
folo koloko yasandukanso fili koloko,
ndipo makina, omvera mopanda nzeru,
agwira ntchito ya hafu pasiti fili
ulendo uliwonse umene hafu pasiti fili yagogoda.

Nanga zaka zonsezi bwanji sizinkachitika?

Ndinakumba m'mafayilo akale, dzanja litauma pa mausi,
mpaka pamzere wa 1,148
pomwe munthu anasiya mawu oti makina asawerenge:
"Okutobala aliyense ndimaimitsa ndi dzanja.
Ndidzakonza mawa. R.K., 2009."

Reijo Kettunen.
Wa ndevu zonunkha fodya, wa masokosi osiyana mitundu,
amene anandiphunzitsa kuwerenga uthenga wa vuto
kuyambira pansi kukwera m'mwamba.
Tinamuika m'manda mu Epulo, chipale chikusungunuka.
Ndiye kuti usiku umodzi pachaka
ankakhala pampando uno, fulasiki ya khofi pambali,
kudikira ola lobwereza kuti alitsekere pakhomo,
osauza bwana, osalemba m'buku.
Ife tinkangoti mkuluyu sagona,
tinkamuseka pa nkhomaliro.
Zengerezu wake analinda zaka khumi ndi zisanu
ndipo palibe dalaivala anaonapo cholakwika.

Ndinafufuta malipiro achiwiri, dzina ndi dzina ndikuwerenga.
Kenako mizere inayi yokha:
usanalipire, funsa kaye ngati walipira kale lero.
Onni anaiwerenga ali kukhitchini kwake,
mwana akulira kumbuyo kwa foni.
"Pamzere wachitatu waiwala kutseka."
Ndinatseka.
Tinayesa pa seva yoyeserera, tikuinamiza za nthawi,
hafu pasiti fili inabwera kawiri,
pulogalamu inalipira kamodzi, kachiwiriko inakana.
5:41 ndinaitumiza ku seva yeniyeni.
Ndinagwira mpweya mpaka mzere womaliza unati zatheka.

Mawu a Reijo sindinawafufute.
Onni akuti m'fayilo si kumanda, tizichotsa zakale,
mwina akunena zoona.
Ndinangolemba pansi pake:
"Mawa lija lafika. A.R."

Panja kunali kukadali mdima.
Basi yoyamba inadutsa yopanda wokwera,
dalaivala akuyasamula, chipewa chitapendekeka,
osadziwa kuti kwa ola limodzi anali wolemerako.
Ndinakhala m'galimoto injini isanalire,
manja m'khwapa,
ndili ndi ola lapadera limene dziko landipatsa
koma osadziwa kuti ndiliike pati.