Pensulo ya Loretta

Ndimakhala pa mpando wautali kumbuyo kwa owombera,
kuno ku Nebraska, kumene mphepo ya Epulo
imanunkha wonga ndi ndowe za ng'ombe.
Ntchito yanga ndi pensulo basi:
yasweka, waphonya, yasweka.

Delbert Krahn ndamulembera zaka khumi ndi zinayi.
Akati "Ponya!" mbale yadothi imatuluka ikunjenjemera,
imamudziwa.
Koma chaka chino, Loweruka lililonse,
mfuti yake imazengereza pang'ono
ngati munthu wodikira mnzake pakhomo,
mbale n'kukatera yathunthu m'munda wa a Hostetler.
Amapukusa mutu, n'kuloza diso lamanja: ng'ala, ati.
Ine n'kulemba ziro.
Ziro pa ziro, anatsetsereka mpaka kalasi D,
kwa ana asukulu ndi dokotala wa mano wopuma pantchito.

Tsiku la chikho, mu Julayi, ng'ala inapola.
Pa mbale zana inapulumuka imodzi yokha,
zinazo fumbi lachikasu mumlengalenga.

Wachiwiri anali Marisol Quenzer, wa zaka khumi ndi zisanu,
wogula zipolopolo ndi ndalama zotchetchera kapinga,
phewa lili bii ndi mfuti yobwereka.
Anavula chipewa, nam'patsa dzanja.
Delbert anayang'ana nsapato zake.

Buku la malamulo ndalivundukula konse,
mulibe tsamba loyezera chala chonama.
Manambala onse ndi oona. Ndinalemba ndine.
Ndinasaina.

Usiku, kukhitchini, ndinasongola pensulo ija,
kusongola, kusongola,
mpaka kutsala kachidutswa kosagwirika.