Maluwa a Pepala ku Mufakose

Magetsi athimanso ku Mufakose,
koma makina anga sadya magetsi,
amadya mkono.
Ndakokera tebulo pawindo,
ndayala pepala, pamwamba pake chikombole chachitsulo,
ndapanikiza ndi timatabwa tiwiri
tong'ambikang'ambika ngati zidendene za m'chilimwe,
ndiye ndipukusa.
Chimakana kaye, kenaka thetheee, chadutsa.
Ndikavundukula, duwa lagona chagada,
loyera mbee, lopanda dzina.

Dzina limabwera ndi inki.
Siponji iyambe yagunda pa kapepala kotaya,
apo ayi isiya chipsera pakati pa tsamba.
Ndimazunguliza pang'onopang'ono,
chikasu kutsinde, kufiira kunsonga,
pokumana pake ndipeputsa dzanja
kuti malire asaoneke.
Zimenezi zinanditengera chaka
ndi dengu lodzaza maluwa opserera.

Bambo anga, a Sandalamu,
anachoka ku Ntcheu ndi bulangete limodzi
n'kudzathirira maluwa a eni ake ku Highlands
zaka makumi atatu ndi zinayi.
Sanabwerepo nalo ngakhale limodzi kunyumba.
Ankabwera ndi minga m'zala,
amayi n'kumazula ndi singano pa nyali.
Koma duwa lija la m'dzinja,
lopotoka ngati moto ukukwera udzu,
limene kuno amati kajongwe,
akaliona m'mbali mwa njanji ankaima.
Taona, mwanawe, malawi.
Basi, n'kukhala duu mpaka kunyumba.

Chikombole cha duwalo sindinachipeze m'sitolo.
Ndimadula kakombo wamba,
masamba ake n'kuwapinda pa msomali
limodzilimodzi, kuti ayang'ane kumene achokera.
Guluu kadontho chabe.
Akachuluka, khadi limakwinyika ngati lamva zoipa.

Loweruka ndimakwera kombi mbandakucha,
katoni ya nsapato pamiyendo,
chigongono chili njo, kutchinga thumba la mbatata la mnzanga.
Pofika ku Avondale jakaranda wakhetsa kale chibakuwa chake
m'misewu monse, chaulere,
ine n'kumayala anga pa mtengo wa madola awiri.

Mai Chiedza afuna asanu a ukwati, oyera okhaokha.
Mnyamata wa tayi watola, wabweza, watolanso,
akufunsa ngati lilipo loti munthu akalakwa kwambiri.
Ndamupatsa la maluwa atatu, limodzi losaphukira.
Mawu ukalembe wekha, achimwene,
ine ndimalekezera pachikuto.
Kamtsikana kena kanunkhiza, kakwinya mphuno:
bwanji silinunkhira?
Likununkhira guluu ndi zala zanga, ndatero,
amake n'kukakoka dzanja.

Limodzi sindigulitsa.
Lili pansi pa katoni, mu envulopu yosamata,
la azakhali a Nasibeko amene sindinawaonepo.
Bambo ankangoti kwathu ndi kuseri kwa chigayo,
ukawoloka kamtsinje ufunse.
Nanga positi amafunsa?
Eni njira anagona ku Mbudzi chaka cha kolera,
pamanda pawo ndinabzala kajongwe, sanamere.
M'kati mwa khadilo ndinalembamo Okondedwa,
inki n'kuuma ndikuganiza chotsatira.

Madzulo ndisesa zinyenyeswa.
Pepala lodulidwa silitha lonse,
limatsala ndi mabowo, bowo lililonse duwa limene linachoka.
Mwana wanga Mwatitha amawatola.
Chichewa amachimva, koma amayankha m'Chishona.
Lero wanyamula limodzi, waliika pankhope,
akusuzumira pabowo ndi diso limodzi.
Akuti akuona mpanda wa a Mapfumo,
waya wa zovala, ndi thambo lofiira la ku Kambuzuma,
zonse zakwana m'duwa.

Wafunsa dzina lake.
Ndamuuza onse awiri.
Wabwereza la agogo ake, lilime likupunthwa pa w,
waseka, wathawira panja nalo pepala.

Zala zanga zofiira mpaka m'zikhadabo,
sopo wa Lamulungu sadzazitha.
Magetsi sanabwerebe.
Ndayala pepala lina.