Silabasi Yatsopano ku Khovd

Delgermaa wachoka ku Ulaanbaatar ndi makatoni asanu,
zaka zitatu za misonkhano zomangidwa ndi chingwe.
Galimoto yatitimira kawiri m'chipale chofewa.

Pasukulu a Sodnom akoleza mbaula ndi ndowe zouma,
atsegula tsamba loyamba:
"Ana azifunsa, mphunzitsi azimvetsera."
Aseka chikhakhali.
"Zaka makumi atatu ndikuwauza kuti khalani chete.
Lero ndikhale chete ine?"

Delgermaa sayankha. Akuotha manja.

M'mawa kamtsikana kokhala kumbuyo,
kamene bambo ake anataya nkhosa mazana awiri chaka chatha,
kakweza dzanja:
"Bwanji udzu sukumeranso?"

A Sodnom afufuza m'buku. Mulibe.
Aika choko pansi.
"Valani majasi. Tikafukule tione."

M'mphepete mwa lipoti Delgermaa alemba:
mutu wachinayi tiulembenso.