Kachisoti pa Chitsulo

Azakhali a Ghislaine atatisiya mu Febuluwale,
mbale zinapita kwa Solange, wotchi yapakhoma kwa Rémi.
Ine ndinalandira sokosi imodzi yaubweya, yolemera,
yomangidwa kukamwa ndi chingwe cha nsapato.
M'katimo munagona volovolo wa Anatole Warnier,
agogo awo a agogo athu.

Nkhani yake tinayamwira kubere:
Sedan, chaka cha 1870, akavalo akugwa m'matope,
Anatole ali chilili pamlatho, zipolopolo zitatsala ziwiri.
Pa Khirisimasi, vinyo akawafika amalume m'mutu,
adani aja ankaswana,
chaka china asanu, chaka china khumi ndi awiri.

Loweruka ndinakwera sitima ya ku Givet,
mvula ikuwaza pa mtsinje wa Meuse,
kukaonana ndi bambo Hubinon, mmisiri wa mfuti,
amene shopu yawo imanunkha mafuta ndi fodya wozima.
Moni sanayankhe.
Anayamba atsegula kamfutiko, nasuzumira mabowo onse asanu,
kenaka mpamene anati, khalani pansi, mayi.

Anakapukuta ndi kansanza, pang'onopang'ono,
ngati akusambitsa khanda la eni.
Anakayeza kukamwa. Anapinda chokokera chake, nachitambasula.
Anavala galasi kudiso limodzi, nandikodola:
onani apa, pa kang'oma ka zipolopolo.

Ndinaona kadzira kochepa ngati njere ya mpunga,
m'kati mwake zilembo zitatu, E, L, G, ndi kanyenyezi.
Chidindo cha ku Liège chimenecho, iwo anatero,
kumene ankayesa mfuti isanapite kumsika.
Nanga pamwamba pa dziralo mukuonapo chiyani?
Kachisoti kachifumu, ndinayankha.

Anavula galasi lija.
Chisoti chimenecho anayamba kudinda mu 1893.

Ndinawerengera pa zala pansi pa tebulo.
Zaka makumi awiri ndi zitatu
nkhondo itatha, mlatho utakonzedwa, akavalo ataiwalika.

Mwina anachidinda pambuyo pake? ndinayesa.
Anapukusa mutu.
Timfuti totere tinabwera pamodzi ndi njinga, mayi.
Ankatigula apaulendo, n'kuika m'thumba la jekete,
kuopsezera agalu othamangitsa matayala.
Ndipo aka, taonani mumpope mmene mukuwalira,
ngati kanalirapo, sikanapose kakhumi.

Ndiye Anatole ananama?
Ine sindiwerenga anthu, ndimawerenga chitsulo.
Ku Sedan mwina analiko. Koma aka kanali kasanabadwe.
Anandilembera zonse pa kapepala, zaka, mzinda, mtengo,
mtengo wosakwana ngakhale matayala awiri a galimoto yanga.

Usiku ndinakhuthula bokosi la zithunzi pa kama.
Ndinam'peza pansi penipeni, wachikasu, wodyeka m'makona:
mwamuna wa imvi, ndevu zopotera m'mwamba,
chipewa cha positi, chikwama cha makalata paphewa,
dzanja pa chiwongolero cha njinga.
Chithunzichi ndinachiona kambirimbiri ndili mwana,
koma chigamba sindinachionepo,
chachikulu, chosokedwa mothamanga,
pa mwendo wakumanzere wa buluku, pamwamba pa kakolo,
pamene galu amafikira.

Ndinaseka mpaka misozi,
kenaka misoziyo inapitirira yokha.
Makilomita angati, Anatole, m'chisanu cha ku Ardennes,
kukwera zitunda ndi makalata a anthu ena,
mtima uli phaphapha pa geti lililonse la famu?
Palibe anakuimbira nyimbo pa zimenezo.
Tinachita kukubwerekera mlatho.

Khirisimasi ikubwera. Amalume akalamba,
dzanja limanjenjemera akamathira vinyo,
ndipo chaka chino adani adzakwana mwina makumi awiri.
Kapepala ka bambo Hubinon ndakapinda kanayi,
ndakalowetsa m'sokosi momwemo, kuphazi.
Sindinamange chingwe.

Kunja, galu wa aneba akuuwa munthu wodutsa panjinga.