Funso Lachisanu ndi Chinayi

Dzina lake ndi Yankho
koma wabwera ndi mafunso okhaokha,
atawakulunga m'jumbo kuopa mvula
imene yagona paphiri kuyambira Lolemba.
Wakhala pabenchi ya makasitomala
pakhonde langa pano pa Chinamwali,
ine phazi likadali pachopondera cha makina.

"M'masabata awiri apitawa," akuwerenga,
"ndi masiku angati amene simunakondwe ndi chilichonse?
Palibe, owerengeka, oposa theka, kapena pafupifupi onse?"

Mwanangu, masiku otere saima pamzere
ngati ana a sukulu kuti uwawerenge.
Pali Lachitatu lina la zaka zapitazo
limene mpaka lero dzuwa lake silinalowe.
Tsiku limenelo ndinasoka diresi la mkwatibwi
manja atatu.
Anaseka anthu mpaka ku Matawale.
Ine sindinawamve, ndinkamvera mawu a m'bobini
akundiwerengera machimo, ena osakhala anga.

Anthu akutali akati "uyu ngwa ku Zomba"
amakhala akutanthauza zina.
Ife tinabadwira konkuno, mchombo wanga uli ku Sadzi,
ndiye achimwene sanavutike ndi ya basi:
njinga imodzi, chitenje chomangira manja,
ndi maso a msika wonse kumsana kwanga.

Za kuchipatala lemba zochepa.
Jakisoni woumitsa khosi,
lilime lolemera ngati njerwa yonyowa,
ndi namwino wina wausiku amene ankandifunditsa
akuganiza kuti ndagona.

Koma lemba dzina ili: a Nankwenya a ku sosho.
Iwo sanafunse kuti masiku angati.
Anangoti, "Makina anu ali kuti?"
Anawapeza kwa alamu ku Mpondabwino,
nkhuku zitaikira mazira pansi pake.
Katatu anapita, katatu anauzidwa kuti wamisala sasoka.
Ulendo wachinayi anabwera atafukata mutu wa makinawo
pamiyendo m'minibasi, ngati mwana wodwala malungo.
Ntchito yoyamba anandipatsa okha,
yunifolomu ya mwana wawo wa Sitandade folo,
ndipo kolala itapotoka anandikalipira
mmene munthu amakalipirira telala weniweni.
Ndinalira tsiku limenelo.
Palibe anali atandikalipirapo chitulukireni,
onse ankangondiyankhula motsitsa, ngati pamaliro.

Tafika pafunso lachisanu ndi chinayi.
Yankho watsitsa mawu, cholembera chikunjenjemera.
"Kodi munaganizapo kuti kukanakhala bwino…"
Malizitsa, mwanangu, mawuwo saluma.
Inde. Pamlatho wa Likangala, madzi atafiira.
Chimene chinandibweza sindinganame kuti ndi vesi.
Ndinakumbukira buluku la a Chikaonda,
analipiriratu zipi, ndipo ankalifuna Loweruka.
Ndinabwerera kudzasoka zipiyo.
M'mawa mwake ndinakauza a Nankwenya zonse,
tinakhala pansi pa mtengo wa jakaranda mpaka masana,
iwo osayang'ana wotchi.

Tsopano mankhwala ndimamwa madzulo, ndikatseka.
Miyezi ina imayenda ngati ulusi wabwino,
ina imaduka, nkulumikiza, nkuduka.

Yankho sanachonge kalikonse.
Ndikuona zikhadabo zake, zoluma mpaka pamnofu.
Akuti mayankhowa apita kutali,
dzina langa lisanduka nambala
kuti wina asandizindikire.
Chabwino. Pano pa Chinamwali andizindikira kale,
ndipo amabwerabe ndi nsalu zawo.
Nanga iwe, pepala lako amakuwerengera ndani?
Sakuyankha. Akuyang'ana kuphiri
kumene nkhungu yameza mitengo ya paini.

Chonga pa "owerengeka", usachedwe, mvula iyo.
Koma ukawauze akuluakulu ako
kuti timabokosi tawoti ndi tothina.
Akanakhala malaya
ndikanamasula pang'ono m'khwapa
kuti munthu athe kukweza dzanja.
Ndipo chikwama chakocho chang'ambika pakona.
Bwera nacho Lachisanu,
ukhale pabenchi pomwepo, popanda pepala.