Matumbo a Mng'ono Wanga

Ine ntchito yanga ndi matumbo.
Zaka khumi ndi zinayi pa Chinamwali
ndikutsuka zam'mimba za mbuzi, kuzipota, kuziponya pachiwaya.
Ndiye adokotala atandipeza m'khonde la chipatala chachikulu
n'kuyamba kundijambulira pakapepala,
ndinati musavutike, bwana,
njira imeneyo ndimaidziwa ndi zala.

Akuti kokeni, ufa woyera uja,
amafinya mitsempha
ngati mwana woponda paipi ya madzi.
Magazi osafika.
Thumbo limafa mwiniwake akuyenda,
akuseka, akukongola ndalama.

Saizi ankafwenthera chaka chonse.
Tinkati ndi chifunga chotsika m'phiri,
Zomba ndi chimfine n'pachibale.
Akadya, ankapinda msana pampando,
dzanja lili pamchombo, thukuta kamukamu.
Tinati zilonda zam'mimba,
tinagula mapiritsi pagolosale ya ku Matawale.
Amayi anati alipo wamudyetsa.
Za magazi a kuchimbudzi sanauze munthu,
ankangothirapo madzi ambiri.

Lachiwiri usiku mimba inauma gwa, ngati thabwa.

Anadula chotalika ngati mkono wanga, n'kupitirira,
chakuda bii, chofewa ngati chubu chakale cha njinga.
Mbuzi ikanakhala nacho chotere
ndikanakumba dzenje,
sindikanagulitsa ngakhale kwa woledzera wa pa ngongole.

Lero ali ndi kathumba pambali pa mimba.
Amakabisa ndi chitenje cha mlamu wake
alendo akabwera.
Anzake a galimoto zamagalasi akuda aja
sanaponde kuno ngakhale ndi nthochi imodzi.

Dzulo ndikumumwetsa madzi ndi kasupuni
anandigwira malaya.
Achimwene, mukununkhira chiwaya.
Tinaseka, iye mpaka ulusi unamukoka.
Kenaka anafunsa, maso ali kudenga:
inu mumazidziwa izi,
kodi amaphukanso?

Ndinayang'ana pawindo.
Phiri linali litafunda mtambo mpaka m'chiuno,
wina panja ankatsutsana ndi wakabaza za chenji.
Ndinati imwa kaye.

M'mawa uno ndabwerera pantchito,
lendi sadikira odwala.
Ndatsegula mbuzi, zonse zili bwinobwino,
zofunda, zonyezimira, zodzaza msipu wa dzulo.
Ndaima nazo m'manja nthawi yaitali
mpaka kasitomala wakuwa:
aise, ukugulitsa kapena ukupemphera?